Mtsonyo wa Boma

Ufumu wa Tangomvani musaufune pa mapu, mungotopa. Amene anapitako amati uli kuseri kwa phiri, ndipo amene amakhalako amati iwo sanafunsidwe. Likulu lake ndi Gwadani, ndende yake ndi Uzolowera, ndipo m'dziko limenelo munthu wamba saloledwa kukhumudwa payekha. Boma linaona kuti anthu ali ndi ntchito zambiri kale: kulima, kutunga madzi, kuombera m'manja alendo. Choncho linawalandira katundu ameneyu n'kumusenzetsa munthu mmodzi wolembedwa ntchito, Wokhumudwa Wamkulu wa Ufumu.

Wokhumudwa Wamkulu anali Mayi Delifa Nachisale. Ntchito yawo inali yosavuta kufotokoza. Woimba aliyense asanaimbe pagulu ankabwera kubwalo la Mfumu, Mayi Nachisale n'kukhala pampando wawo wa chikopa cha mbuzi, n'kutchera khutu. Nyimbo ikakhala yabwino ankangoyang'ana pansi. Ikakhala yonyansa ankatsonya. Mtsonyo umenewo unali wa boma, wokhala ndi mphamvu zonse za lamulo, ndipo lamulolo linali lalifupi kuti asilikali asavutike kuliloweza: amene Wokhumudwa Wamkulu wamuyang'ana potsonya, agwidwe. Asilikali a ku Tangomvani ndi anthu omvera. Saganiza ali pantchito, amadikira kaye aweruke.

Ku Sukulu ya Zokhumudwa, kumene anakhoza kuposa anzawo onse, Mayi Nachisale anaphunzitsidwa kumvera nyimbo monga mmene munthu amasankhira mpunga: maso pa timiyala, mpungawo n'kumangoukankhira kumbali. Khutu lawo linkagwira mawu otukwana ngakhale atabisala pansi pa ng'oma zitatu. Zina zonse zimene woimba ankanena zinkangodutsa.

Ntchitoyi inabwera ndi nyumba. Inali ya njerwa zootcha, ya malata osadontha, ndipo pabwalo panali mtengo wa mapeyala umene anadzala okha. Nyumbayi ankaikonda kuposa china chilichonse, ndipo analibe kwina kopita. Kumudzi kwawo sakanabwerera, chifukwa chaka china anatsonya paukwati wa mchimwene wawo, oimba onse n'kukagona ku Uzolowera pamodzi ndi mkwati, amene anangopezeka ataima molakwika. Abale sanaiwale.

Ntchito inali pachimake m'masiku a Mfumu Tsinya Woyamba, pamene m'dzikomo munalowa nyimbo za roko. Palibe anadziwa kuti zinalowera chipata chiti. Anthu anangodzuka tsiku lina n'kumva magitala a magetsi akulira ngati chigayo chomwe chameza msomali, anyamata a tsitsi losapesa akukuwa pamwamba pake. Abusa analalikira mpaka mawu kusasa. Makolo anamenya ana, kenako anamenya mawayilesi. Nduna ina inauza bwalo kuti chiyambireni phokosoli nkhuku za kwawo zasiya kuikira, ndipo bwalo lonse linaimirira mwaulemu kukumbukira mazirawo.

Nyimbo yoopsa kuposa zonse inali ya mnyamata wina wowonda, Wedisoni Kamtedza, wa gulu la Nyundo Zinayi. Dzina lake linali "Denga". Mzere uliwonse unkathera pa mawu otukwana, ndipo Wedisoni ankawakuwa ndi mtima wake wonse. Mawuwo sindiwalemba pano. Ingodziwani kuti ankatchula ziwalo zimene ngakhale mwini wake amaziona mwangozi.

Atamubweretsa kubwalo, Mayi Nachisale anatsonya ndime yoyamba isanathe. Akuti mtsonyowo unamveka mpaka kumsika, agalu n'kubisa michira. Komabe mayiwa anali ndi chifundo cha mtundu wawo.

"Bambo Kamtedza," anatero pamaso pa bwalo lonse, "chotsani zonyansazo. Mukazichotsa, nyimbo yanu ndi yololedwa, lero, mawa, mpaka kalekale. Ndanena ine."

Mfumu inagwedeza mutu, ndipo ku Tangomvani mutu wa Mfumu ukagwedezeka ndiye kuti lamulo lasainidwa.

"Bola muchotse mano anga," anayankha Wedisoni.

Ku Uzolowera anamumvera. Anachotsa atatu.

Koma chinthu ukachiletsa chimakoma. Anyamata ndi atsikana a nthawiyo ankabisa makaseti a "Denga" m'nkhokwe, m'mitsuko, ena m'chikuto cha buku la nyimbo za kutchalitchi. Ankakumana kudambo n'kumatsegula pang'onopang'ono. Magitala ankaphimba mawu onse, choncho iwo ankangodumpha, kudikira kumapeto kwa mzere, n'kukuwa mawu otukwanawo onse pamodzi. Ankadzimva kuti ndi anthu olimba mtima kwambiri.

Kenako zinachitika zimene zimachitikira achinyamata onse: anakula. Tsitsi linathothoka, mimba zinatsogola. Amene ankadumpha kudambo aja anakhala nduna, ahedi, akuluakulu a mpingo. Mfumu Tsinya Woyamba inagona, pampando n'kukhala mwana wake, Tsinya Wachiwiri, amene ali mnyamata ankabisa kaseti yake pansi pa chisoti cha bambo ake, podziwa kuti ndi malo okhawo amene asilikali sangafufuze. "Denga" inamasulidwa. Inayamba kumveka pawayilesi, kenako paukwati, kenako bandi ya apolisi inaiphunzira. Kampani ina inaitenga kuti izitsatsira sopo. Ana a sukulu ya mkaka ankaiimba ndi manja omwe, aphunzitsi akuwakonza katchulidwe. Pomaliza boma linalengeza kuti nyimboyi ndi chuma cha makolo, ndipo aliyense wosaidziwa akonde dziko lake.

Mayi Nachisale ankakhalabe pampando wa chikopa cha mbuzi, koma kunalibe wowaopa. Oimba atsopano ankatukwana mpaka thovu kukamwa, bwalo n'kumaseka, Mfumu n'kumapempha kuti abwereze. Mtsonyo wa boma unayamba dzimbiri. M'mawa uliwonse mayiwa ankatsonyera nkhuku zawo kuti pakamwa pasaiwale, ndipo nkhukuzo nazo zinazolowera.

Tsiku lina Mfumu inaitanitsa bwalo. Woyamba kulankhula anali Nduna ya Zochepetsa, munthu amene chaka chapitacho anachepetsa zilembo za kusukulu kuti choko chisamathe msanga.

"Wawa Mfumu," inatero ndunayo, "tili ndi ofesi imene ikungodya osagwira ntchito."

Nduna zonse zinazyolika, iliyonse kuganiza kuti akunena yake.

"Ndikunena Ofesi ya Zokhumudwa."

Nduna zonse zinadzutsa mitu, zina mpaka kuomba m'manja.

Kenako anaimirira a Bokosi Mwadyanji, Nduna ya Zamadenga, atavala jekete lobiriwira limene aliyense wa unduna umenewo amavala, kuyambira wonyamula katundu mpaka nduna. A Mwadyanji analowa undunawo ali mnyamata, monga wonyamula katundu pa lole, ndipo anakwera monga amakwerera anthu odziwa kunyamula. Panalibe munthu wokonda "Denga" kuposa iwo. Pamsonkhano uliwonse ankaiyambitsa okha, ndipo pofika pa mawu aja ankatseka maso ngati akupemphera.

"Wawa Mfumu, dziko lathu latukuka," anatero. "Kale tinali anthu amanyazi. Lero mwana wa ku Tangomvani amatha kutukwana asanadziwe kumanga zingwe za nsapato, ndipo ife ngati boma tikunyadira. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Inenso ndikuti pakamwa pamodzi sipangatsonyere dziko lonse. Amayi atigwirira ntchito. Akapume, nyumba ibwerere ku boma."

Mayi Nachisale anagwada, mawondo akulira. "Wawa Mfumu, ndikapumira kuti?"

Funsoli linalibe unduna wake, choncho palibe analiyankha.

Mfumu Tsinya Wachiwiri, imene chibadwire inali isanatsinyepo nkhope, sinkakonda kuona munthu wachikulire atagwada nthawi yaitali, chifukwa ankatchinga oimba. "Tichite chonchi," inatero. "Kumapeto kwa mwezi kuli Chikondwerero cha Nyimbo Zonyansa za Makolo. Ikapezeka nyimbo imodzi yokhumudwitsa bwalo lino, mudzatsonye, ndipo ofesi ndi nyumba zidzakhala zanu mpaka imfa. Koma bwalo likhumudwe zenizeni. Tikadzaona ife tikuseka, inu mukutsonya nokha, tidzati ndi dzino likukupwetekani."

Mutu unagwedezeka.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake Mayi Nachisale anamanga chitenje chabwino n'kutsikira ku msika wa Nong'ona, kumene anali asanapondeko kwa zaka zambiri. Anadutsa ogulitsa tomato ndi a kaunjika, n'kukafika kumapeto, pafupi ndi mayi wina wogulitsa makala, dzina lake Nangozo. Pamenepo panali benchi, pabenchipo mdala wa imvi, atazunguliridwa ndi maambulera othyoka. Anali Wedisoni Kamtedza. Chuma cha makolo chinali chitakhala pansi chikuwongola waya ndi pulayala.

"Odi, a Kamtedza."

Wedisoni sanadzutse mutu. Mawuwo ankawadziwa. "Ngati ndi ambulera, ikani apo. Ngati ndi mtsonyo, mano opereka ndilibe."

"Ndabwera kudzapempha."

"Pemphani."

"Ndikufuna mundikhumudwitse."

Nangozo anasiya kuyeza makala. "Abale inu, dziko latembenuka. Kale timathawa kuti amayiwa asatimve, lero akuchita kuyenda wapansi kufunafuna wowatukwana. Mukanandiuza ine, amayi, ndikanabwera ndi apongozi anga."

Mayi Nachisale anafotokoza zonse, za bwalo, za chikondwerero, za nyumba.

"Amayi, mukuganiza kuti sindinayese?" anatero Wedisoni. "Chaka chatha ndinatukwana Nduna ya Zamisewu pamaso pake, ndi makolo ake omwe. Anandipatsa mendulo. Iyo ili apo, ndinatsekera chibowo cha ndowa."

"Yesaninso. Onjezerani. Inu mumadziwa."

Wedisoni anapumira m'mwamba, n'kukwera pa kireti ya mabotolo. Anakoka mpweya, n'kutulutsa chitukwano chachitali, chokhala ndi nthambi, chimene m'masiku a Tsinya Woyamba chikanatseketsa msika mwezi wathunthu. Mayi wina wobereka mwana anaima pang'ono n'kunena kuti aphunzitsi a mwana wake amachitchula bwino kuposa pamenepo. Mkulu wina wogula fodya anati, "Mwalumpha liwu limodzi pakatipo, achimwene," n'kulitchula. Wapolisi anabwera akuthamanga, Mayi Nachisale mtima n'kukhala m'malo, koma iye ankangofuna kuti Wedisoni abwereze ajambule pa foni, azidzuka nacho m'mawa.

"Mwaona?" anatero Nangozo. "Kutukwana kunatsika mtengo ngati mango a mu Disembala. Ngakhale mbuzi zikungodutsa."

Wedisoni anatsika pa kireti mosamala, chifukwa cha bondo. Anayang'ana ambulera yong'ambika. Kenako anafunsa, "Mayi Nachisale, kodi nyimbo ija imanena chiyani?"

"Iti?"

"Imene munandimangira."

"Imatukwana."

"Ee. Ikatukwana, imanenanso chiyani?"

Mayi Nachisale anaganiza moona mtima. "Za denga."

"Denga la kuti?"

"Imeneyo sinali mbali ya ntchito yanga, a Kamtedza."

Wedisoni anatembenukira kwa Nangozo. "Nanga inu, mayi? Munavina nyimboyi paukwati wanu."

"Ine musandinamizire kudziwa," anatero Nangozo. "Ine ndimangodikira pofika mawu aja, ndikuwe. Zapakatizo ndimayesa ndi zoti munthu apume."

Zinamuwawa Wedisoni. Ku Uzolowera anamumenya, anamuzula mano, koma sizinamuwawe ngati mmene zinamuwawira pa benchi paja. Zaka zonsezi ankadzitonthoza kuti anamangidwa chifukwa anthu anamva zimene ananena. Tsopano anadziwa kuti amene anamumanga sanamve, ndipo amene ankamukonda sanamvenso.

"Pitani, amayi," anatero. "Kuchikondwerero ndidzabwera."

Mayi Nachisale anabwerera kunyumba mopepukidwa. Anathirira mtengo wa mapeyala, n'kutsonyera nkhuku kawiri.

Tsiku la chikondwerero bwalo linadzaza. Kutsogolo kunakhala Mfumu ndi nduna zake, kumbuyo anthu a kumsika, amene anauzidwa kuti kubwera n'kosakakamiza koma msika watsekedwa. Anayamba ana a sukulu ya mkaka, atavala mayunifolomu ochapa, ndipo anatukwana mokoma kwambiri moti amayi ena anagwetsa misozi. Inabwera bandi ya apolisi. Anabwera anyamata a masiku ano a magitala atsopano, amene anatukwana Mfumu yeniyeniyo, ndipo Mfumu inaseka mpaka chisoti kupendekeka. Mayi Nachisale anakhala pampando wawo, milomo ili chire, akuyang'ana nkhope za nduna ngati pali ina yakwinyika. Zonse zinali zosalala.

Pomaliza anaitana Wedisoni Kamtedza, ndipo bwalo linaimirira. A Mwadyanji anaimba mluzu ndi zala. Koma Wedisoni anabwera yekha, popeza Nyundo ziwiri zinamwalira ndipo yachitatu ndi dikoni. Ananyamula gitala yakale yopanda magetsi. Anagwada pamaso pa Mfumu.

"Wawa Mfumu. Kale, pabwalo lomwe lino, amayi awa anandilamula kuti ndichotse zonyansa m'nyimbo yanga, ndipo malemu bambo anu anagwedeza mutu. Ine ndinakana, chinali chibwana. Lero ndakula. Ndamvera. Ndazichotsa zonse."

Bwalo linang'ung'udza. Wina kumbuyo anafunsa ngati msika ungatsegulidwe tsopano. Mayi Nachisale anayang'ana Wedisoni. Nyimbo yopanda kamwala ndi kamodzi komwe, atsonya chiyani? Anaona nyumba yawo ikupita, ndi mapeyala ake osapsa, ndipo anazindikira mochedwa kuti munthu amene unamuzulitsa mano sumupempha moto.

Wedisoni anakhudza gitala pang'onopang'ono n'kuyamba.

*Ku Dikirani chipatala chilibe denga.*

Apa ndi pamene pankakhala liwu loyamba lija. Bwalo lonse linali litakoka kale mpweya, kukamwa yasa, a Mwadyanji atatseka kale maso. Wedisoni sananene kanthu. Anangosiya malowo opanda kanthu, gitala ili chete, ndipo anthu anatsala ndi mpweya wawo m'chifuwa. Posowa chochita, anamva zimene zinali zitangonenedwa.

*Malata anapita kukafolera nkhumba.*

Chete.

*Mlongo wanga Esinala anagona pakhonde,*
*mvula inagwa, mwana analira, iye sanadzuke.*

Chete.

*Ndani ananyamula malata? Tinamuona.*
*Anatipatsa moni ali pamwamba pa lole,*
*mnyamata waulemu, wa jekete lobiriwira.*

Panalibe wosadziwa Dikirani. Ndi pafupi ndi likulu, munthu amapita ndi njinga n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Panalibenso wosadziwa kuti chipatalacho chilibe denga mpaka lero, ngakhale kuti malata ake amagulidwa kawirikawiri, nthawi iliyonse ndi mwambo, magule ndi zakumwa. Zimenezi aliyense ankazidziwa payekha. Chimene sankadziwa n'chakuti akhala akuziimba paukwati.

Mitu inayamba kutembenuka pang'onopang'ono kufunafuna chinthu chobiriwira. A Mwadyanji anamva kutentha. Anayesa kuvula jekete mwakachetechete, koma linasokedwa iwo asananenepe, ndipo mkono unakana.

"Zonyansa!" anakuwa, dzanja limodzi lili kumsana. "Wawa Mfumu, izi ndi zolaula! Pali ana pano!"

"Zolaula!" zinavomera nduna zonse, pakuti iliyonse inali ndi khola lofoleredwa bwino. Aphunzitsi anatseka ana makutu. Ndipo Mfumu Tsinya Wachiwiri, kwa nthawi yoyamba, inafanana ndi dzina lake.

"Mayi Nachisale," inatero, "mwayi wanu ndi umenewu. Bwalo lakhumudwa, mukuliona nokha. Tsonyani, nyumba ikhale yanu."

Asilikali awiri anasendera pafupi, maso ali pa nkhope ya mayiwa, monga mwa lamulo.

Mayi Nachisale anali asanamvepo nyimbo chiyambire ntchito, ndipo iyi inawapeza osakonzeka. Anamva chinthu chachilendo, chosayambira m'khutu monga anaphunzirira kusukulu, koma m'mimba, n'kumakwera. Anali atakhumudwa. Anadabwa kuti zimapweteka chonchi, chinthu chimene akhala akulandirira malipiro moyo wawo wonse. Komabe nyumba ndi nyumba. Chofunika chinali kungoyang'ana mdala wowonda uja, n'kukoka mpweya pakati pa mano. Anamuyang'ana. Wedisoni anali ataika kale gitala pansi, manja atawaphatikiza kutsogolo kuti asilikali asavutike.

"A Kamtedza," anatero mayiwa, mawu ali pansi. "Mwanayo anakhala moyo?"

"Ali moyo, amayi. Ndi mzamba konko ku Dikirani."

"Amagwira bwanji ntchito nthawi ya mvula?"

"Wina amamugwirira ambulera. Ikathyoka amanditumizira."

Mayi Nachisale anagwedeza mutu. Kenako khosi lawo linatembenuka, modekha, kudutsa Nduna ya Zochepetsa, kudutsa Nduna ya Zamisewu, n'kukaima pa jekete lobiriwira. Ndipo anatsonya. Unali mtsonyo wautali, wonyowa, wochokera pansi pa mtima, woposa uja wa pa utsikana wawo. Akuti ku Nong'ona agalu anabisanso michira, ngakhale anali agalu ena.

Asilikali anali asanaweruke. Anagwira a Mwadyanji, wina mkono uwu wina uwo, n'kuwanyamula mapazi ali lendelende. Jekete linavuka lokha.

Lamulo ndi lamulo, choncho Nduna ya Zamadenga inakhala m'manja mwa asilikali kuchokera pampando wake mpaka pamasitepe, pamene inamasulidwa chifukwa cha khalidwe labwino. Madzulo ake bwalo linakumana mwadzidzidzi. Linapeza kuti nyimboyo silingailetse, popeza mutu wa malemu unagwedezeka kuti ndi yololedwa mpaka kalekale, ndipo mutu wa malemu sungagwedezekenso kuti ubweze mawu. Nduna zinakhala thukuta kamukamu, mpaka ina yanzeru inaona pamene panali vuto. Mawu a nyimboyo akhalapo zaka zonsezi osapweteka munthu. Chatsopano chinali chete uja.

M'mawa mwake wolengeza anaima pakati pa msika ndi chimkuzamawu.

"Tamverani, anthu a ku Tangomvani! Pofuna kuteteza ana ndi chikhalidwe chathu, kuyambira lero n'koletsedwa kukhala chete kumapeto kwa mzere wa nyimbo. Mzere uliwonse uzitsekedwa ndi chitukwano chomveka bwino, ndipo anthu onse azikuwa nawo. Nyimbo yopanda chitukwano ndi nyimbo yamaliseche. Chachiwiri, Mfumu yagwedezanso mutu: Ofesi ya Zokhumudwa yatsekedwa ndipo nyumba yake yabwerera ku boma, chifukwa mwini wake wapezeka ndi khosi losakhazikika. Chachitatu, boma lamva kulira kwa anthu pa nkhani ya Unduna wa Zamadenga, ndipo lachitapo kanthu. Kuyambira lero majekete a undunawu ndi abuluu."

"Koma ndiye atimvera," anatero wogulitsa tomato wina.

"Nanga ife a kwaya titani Lamulungu?" anafunsa mnzake.

"Mufunse a dikoni. Anali a Nyundo, sangasowe mawu."

Ku nyumba ya njerwa zootcha lole inafika Mayi Nachisale asanamalize kukulunga mbale. Anyamata a majekete abuluu anawapatsa moni mwaulemu n'kukwera padenga. Pofika masana, malata onse anali pa lole, ndipo mayiwa ankaona mitambo ali m'chipinda chawo chogona.

"Akupita kuti malatawa, ana inu?"

"Ku Dikirani, amayi. Boma lamva."

Lole inatuluka pageti n'kukhotera kumanzere. Ku Dikirani ndi kumanja.

Mayi Nachisale analira, osabisa. Analirira mtengo wa mapeyala kwambiri, chifukwa mtengo sunyamulika. Kenako anamanga nkhuku miyendo, n'kusenza mtolo, n'kutsika njira yokhayo imene ankaidziwa. Anafika ku Nong'ona mvula ikuyamba kudontha. Wedisoni anawaona akubwera. Anasendera kumapeto kwa benchi, n'kusankha pa mulu wake ambulera yakuda ya zigamba zofiira.

"Imadontha pang'ono mbali iyi," anatero. "Muziitembenuza."

Mayiwa anakhala pansi pa ambulera, mtolo pamiyendo. Nangozo anali atanena kale kuti kuseri kwa shedi yake ya makala kuli malo a mphasa imodzi, bola munthu asamadandaule zakuda. Tsopano ankafunditsa matumba ake ndi pulasitiki, ndipo pogwira ntchitoyo ankaimba chapansipansi, osadziwa kuti akuimba. Inali "Denga", yopanda zonyansa. Atafika pakati anadzutsa mutu, maso ake n'kukumana ndi a Mayi Nachisale, ndipo nyimbo inamufera pakamwa. A tomato nawo anasiya kuitana malonda. Chizolowezi sichimva kuti ofesi yatsekedwa. Mzere wonse wa msika unayang'ana milomo ya mayi uja.

"Nangozo."

"Ee, amayi."

"Kwezani mawu. Dzina lija sindinalimve bwino."

Nangozo anapukuta manja pa chitenje. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuyambiranso, mokweza, mpaka pa Esinala amene anagona pakhonde. Pothera pa mzerewo msika wonse unaphwanya lamulo. Panalibe anakuwa, ndipo kwa kanthawi kunkangomveka mvula ikugwa pa maambulera.